Mubvi Waciwiri

Masiku ano mau ayamba kuthamanga kuposa nzeru za eni ake. Kale munthu akapsa mtima ndi mbale wake wokhala kutali, ankayamba wafunafuna pepala ndi colembera, kenaka envulopu, kenaka ndalama ya sitampa, ndipo pofika ku positi ofesi mkwiyo unali utayamba kale kuzirala. Makalata ambiri aukali anathera m'thumba la jekete osatumizidwa, ndipo maubale ambiri anapulumuka motero eni ake osadziwa. Lero foni ya m'manja yacotsa mtunda wonsewo. Munthu akalandira uthenga wolasa mtima ali pa mzere wodikira basi, yankho lake limafika kwa mnzake basiyo isanatulukire, ndipo abale makumi awiri a pa gulu la WhatsApp amaliwerenga iye asanaganize n'komwe ngati kuyankhako kunali koyenera.

Ife a m'nyumba muno takhala tikudzifunsa kuti kodi mtunda umene unatayikawu munthu angaubwezere bwanji mumtima mwake. Pofufuza tinakumana ndi ciphunzitso ca anthu akutali nafe, Abuda a ku Asia, amene kwa zaka zoposa 2,000 akhala akuphunzira luso loona zimene zikucitika mumtima pa nthawi yomwe zikucitikayo. Tafuna kugawana nanu, awerengi okondedwa, zimene tapeza, zokoma zake pamodzi ndi malire ake.

Munthu wolasidwa kawiri

Siddhartha Gautama, amene omutsatira amamucha Buddha, kutanthauza wogalamuka, anabadwira ku Lumbini, m'dziko limene lero ndi Nepal, zaka pafupifupi 500 Kristu asanabadwe. Mwambo wa Abuda umasimba kuti anali mwana wa mfumu, ndi kuti anasiya ulemerero wa kwao ali ndi zaka 29 cifukwa ca funso limodzi limene linamsowetsa tulo: n'cifukwa ciani anthu amabvutika, nanga kubvutikako kungathe bwanji? Ali ndi zaka 35 anati wapeza yankho ali pansi pa mtengo ku Bodh Gaya, kumpoto kwa India, ndipo zaka 45 zotsatira anazithera akuyenda wapansi ndi kuphunzitsa, mpaka anamwalira ku Kushinagar ali ndi zaka 80.

Mwa mafanizo ake, limene latigwira mtima koposa ndi la mibvi iwiri. Munthu akagwidwa ndi ululu, iye anatero, ali ngati walasidwa ndi mubvi. Koma munthu wosaphunzira sathera pomwepo. Amayamba kudandaula, kudziguguda pa cifuwa ndi kusokonezeka maganizo, ndipo potero amakhala ngati walasidwanso ndi mubvi wina pa bala lomwelo. Wophunzira nayenso amalasidwa, pakuti palibe munthu wopanda thupi, koma iye amamva ululu umodzi wokha.

Tonse timaudziwa mubvi woyamba. Ndi malungo a mwana pakati pa usiku, ndi kalata yothetsa nchito, ndi mau onyoza a mlamu pa maliro. Umenewu sitisankha, umangobwera. Waciwiri ndi nkhani imene mtima umayamba kuluka pamwamba pa bala: “Amandida kuyambira kale. Onse akundiseka. Nane ndimuonetsa.” Nkhaniyi imalukidwa mofulumira kwambiri kotero kuti timaiyesa mbali ya ululu weniweniwo, pomwe uta wake uli m'manja mwathu. Ndipo kawirikawiri mubvi waciwiriwu sutsalira mwa ife tokha. Umatuluka pakamwa kapena pa dzanja n'kukalasa mwana, mkazi kapena mwamuna amene sanalakwe kanthu.

Njira imene Abuda amaphunzira kuti aone mubvi waciwiri usanacoke pa uta amaicha sati m'cinenero cakale ca Pali. Liwuli poyamba linkatanthauza kukumbukira, ndipo ife tingati ndi kukhala cheru. Poyambira pake ndi mpweya. Munthu amakhala pansi msana uli woongoka, n'kumangopenyerera mpweya ukulowa ndi kutuluka, osaukakamiza. Posacedwa maganizo amathawira ku ngongole, ku msika, ku mau a dzulo. Akazindikira kuti athawa, amawabweza ku mpweya mofatsa, monga mbusa abweza mbuzi imene yalunjika ku munda wa eni. Zimenezi amacita kambirimbiri, ndipo kubwezako ndiye phunziro lenilenilo. M'cinenero cathu liwu lakuti kupuma limanena zonse ziwiri, kukoka mpweya ndi kuleka nchito pang'ono, ndipo pa nkhani iyi matanthauzo awiriwa amakumana.

Mmonke wa m'nthawi ya nkhondo

Wina angati zotere n'za anthu okhuta, okhala m'mapiri opanda ana olira ndiponso opanda lendi yolipira. Moyo wa mmonke wa ku Vietnam, Thich Nhat Hanh, umatsutsa ganizo limeneli. Iye anabadwa mu 1926 ndipo analowa m'nyumba ya amonke ya Tu Hieu, pafupi ndi mzinda wa Hue, ali ndi zaka 16. Imodzi mwa nchito zake zoyamba inali kutsuka mbale za amonke oposa 100, popanda sopo, ndi phulusa, mankhusu a mpunga ndi makoko a kokonati, m'madzi ozizira.

Nkhondo itakula m'dziko lao, amonke anakumana ndi funso lobvuta: akhale m'nyumba zao akusinkhasinkha, kapena atuluke kukathandiza anthu amene midzi yao ikuphulitsidwa ndi mabomba? Thich Nhat Hanh anayankha kuti acite zonse ziwiri. Pakati pa zaka za m'ma 1960 anayambitsa ku Saigon sukulu yophunzitsa acinyamata nchito zothandiza anthu, ndipo anyamata ndi atsikana ake ankamanganso midzi yogumulidwa, kutsegula masukulu ndi kusamala odwala. Popeza anakana kukhala mbali ya asilikali a uku kapena a uko, mbali zonse ziwiri zinkawakayikira, ndipo mu 1967 ena mwa acinyamatawo anaphedwa.

Mu 1966 iye anapita ku America kukapempha kuti nkhondo ithe. Kumeneko anakumana ndi Martin Luther King, amene mu 1967 anapereka dzina lake kuti alandire mphoto ya mtendere ya Nobel. Koma cifukwa ca ulendowo boma la kwao linamletsa kubwerera, ndipo anakhala kunja zaka 39, mpaka mu 2005. Mu 1974, ali ku France, analembera kalata yaitali mmodzi wa anchito a sukulu ija amene anatsala ku Vietnam. Kalatayo pambuyo pake inasindikizidwa kukhala buku lochedwa The Miracle of Mindfulness.

Cimene cinatidabwitsa ndi za mkati mwa kalatayo. Anthu amene ankailandira anali ataika m'manda anzao, ndipo iwo eni sankadziwa ngati mawa adzakhala ndi moyo. Komabe mphunzitsi wao anawalembera za kupenyerera mpweya, za kumwa tiyi mosathamanga, ndi za kutsuka mbale munthu akudziwa kuti akutsuka mbale. Poyamba zinaoneka ngati nkhani zazing'ono kwambiri poyerekeza ndi nkhondo. Titalingalira tinaona nzeru yake. Wacinyamata amene mnzake waphedwa ali ndi mubvi woyamba pa cifuwa, ndipo waciwiri uli pafupi, ndiwo kutola mfuti kapena kutaya mtima n'kusiya odwala. Kuti asauponye, afunika mtima umene unazolowera kale kuima. Mtima wotere sauphunzira pa tsiku la tsoka, monga munthu sayamba kuphunzira kusambira bwato litagubuduka. Amauphunzira pa zinthu za masiku onse, ndipo mbale zakuda zimapezeka tsiku lililonse.

Mu 1982 Thich Nhat Hanh anakhazikitsa mudzi wa amonke wochedwa Plum Village kummwera cakumadzulo kwa France. Kumeneko kuli mwambo wakuti belu likalira aliyense amaima, wophika, wolima ndi wolankhula yemwe, n'kupuma mpweya kangapo asanapitirize. Iye anaphunzitsanso anthu a m'mizinda kuti kulira kwa foni akutenge ngati belu lomwelo: ikalira asaithamangire, ayambe apuma, aiyankhe italira kacitatu. Anadwala matenda ofa ziwalo mu 2014, anabwerera ku Tu Hieu mu 2018, ndipo anamwalira komweko pa 22 January 2022 ali ndi zaka 95.

Uthenga wa usiku

M'nyumba mwathu tinatengako zinthu ziwiri zokha, za mbale ndi za foni. Tinagwirizana kuti wotsuka mbale madzulo azitsuka popanda wailesi ndi popanda kukuwira ana ali kutali, angomva kutentha kwa madzi ndi kulemera kwa mphika m'manja. Tinagwirizananso kuti foni ikalira, kapena uthenga ukalowa, mwini wake ayambe wapuma katatu. Ana anaseka, ndipo wamng'ono ankawerenga mokweza kuti aone ngati akulu tikusunga pangano. Kwa miyezi ingapo sitinaone cacilendo, kupatula kuti mbale zinaleka kusweka kawirikawiri.

Phindu lake linaoneka atate athu atamwalira. Patapita sabata ziwiri ciikire maliro, usiku wina tikukonzekera kugona, pa gulu la banja panalowa uthenga wocokera kwa akulu athu. Iwo anati ndalama za cipepeso zinalowera m'thumba mwathu, ndipo anawonjezera mau ena amene sitingawalembe pano. Abale onse anawerenga, mpaka ana a alongo athu. Amene analandirapo uthenga wotere akudziwa zimene zimacitika m'thupi: nkhope imatentha, cifuwa cimathina, zala zimayamba zokha kufunafuna zilembo. Mayankho anali okonzeka kale, ndipo onse anali oona. Tinkadziwa amene anagona m'cipatala usiku uliwonse, amene anagula bokosi, ndi amene anali kutali nthawi yonseyo.

Cizolowezi ca kupuma katatu cinatigwira dzanja. M'kamphindi kameneko tinaona zinthu ziwiri zimene zinali zitaphatikana: kupweteka kwa kunamiziridwa, kumene kunali kwenikweni, ndi cikhumbo cakuti akuluwo acite manyazi pamaso pa banja lonse, cimene cinali cathu. Kupwetekako sikunacoke, ndipo tulo sitinatione bwino usiku umenewo. Koma foni tinaiika pa tebulo.

M'mawa tinawaimbira m'malo molemba pa gulu. “Akulu, mwadzuka bwanji? Uthenga wanu tauona. Buku limene tinalembamo ndalama zonse lilipo. Tibwere nalo Loweruka, tidzaliwerengere pamodzi pamaso pa amalume.” Iwo anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anangoti, “Bwerani.” Loweruka lija buku linawerengedwa mofulumira, pakuti munalibe cobisika. Nkhani imene inatenga tsiku lonse inali ina. Akulu athuwo anacedwa m'njira pocokera kutali kumene amagwira nchito, anapeza atate ataikidwa kale, ndipo palibe amene anakhala nao pansi kuwafotokozera mau otsiriza a malemuwo. Umenewo ndiwo unali mubvi wao woyamba, ndipo uthenga wa usiku uja unali waciwiri. Ubale wathu sunabwerere mwakale tsiku lomwelo, panapita miyezi. Koma lero ana athu ndi ao amacezerana, ndipo tikudziwa mabanja ena amene anagawikana mpaka kalekale cifukwa ca mauthenga awiri kapena atatu a usiku umodzi. Akale anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mlomo wa pa foni umatsata munthu koposa, pakuti mau ake amakhala olembedwa ndipo wina amawasunga.

Anyamata a m'phanga

Kuti luso limeneli limathandiza ngakhale ana, dziko lonse linaona mu 2018. Pa 23 June caka cimeneco anyamata 12 a timu ya mpira, a zaka 11 mpaka 16, analowa m'phanga la Tham Luang kumpoto kwa Thailand pamodzi ndi mphunzitsi wao wa zaka 25, Ekkapol Chantawong. Mvula inagwa, madzi anatseka njira, ndipo iwo anatsekeredwa mu mdima pa mtunda wa makilomita pafupifupi 4 kucokera pa khomo. Kwa masiku 9 palibe amene ankadziwa ngati ali moyo. Cakudya cinatha, ndipo ankamwa madzi odontha m'miyala.

Mphunzitsiyo anakulira m'nyumba ya amonke atamwalira makolo ake, ndipo m'phangamo anaphunzitsa anyamatawo kukhala cete ndi kupenyerera mpweya kuti mantha asawagonjetse ndiponso kuti asunge mphamvu. Pa 2 July akatswiri awiri osambira pansi pa madzi a ku Britain anawapeza onse 13 ali moyo, atakhala pa cigumula ca matope, ndipo pofika pa 10 July onse anali atatulutsidwa.

Tiyenera kunena nkhaniyi moona. Kusinkhasinkha sikunaphwetse madzi ndipo sikunatsegule njira. Anawapulumutsa ndi anthu mazanamazana amene anapopa madzi ndi kusambira mu mdima, ndipo mmodzi wa iwo, Saman Kunan, anataya moyo pa 6 July akupereka mabotolo a mpweya m'njiramo. Cimene kufatsa kunacita n'cakuti opulumutsawo atafika anapeza ana amoyo, ogwirizana, okhoza kumva malangizo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nthawi zina kudekhako ndi kumene kumasunga munthu mpaka thandizo lifike.

Malire ake

Maiko a azungu analandira luso limeneli kudzera m'zipatala. Mu 1979 Jon Kabat-Zinn anayambitsa pa sukulu ya udokotala ya yunivesite ya Massachusetts, ku America, maphunziro a sabata 8 othandiza odwala amene ali ndi ululu wosatha ndi nkhawa. Mu 2004 bungwe lolangiza za umoyo ku Britain linabvomereza njira yofanana nayo kwa anthu amene matenda obvutika maganizo amawabwerera kawirikawiri. Zimenezi n'zabwino. Koma pambuyo pake amalonda anaona mwai, ndipo lero kufatsa kumagulitsidwa pa foni ngati mankhwala oti munthu agwire nchito yambiri osadandaula.

Abuda eni ake amati kukhala cheru ndi gawo limodzi cabe mwa magawo 8 a njira yao, ndipo mwa enawo muli kulankhula zoyenera, kucita zoyenera ndi kupeza cakudya m'njira yosapweteka ena. Mbuda wamba amalonjeza zinthu zisanu: kusapha, kusaba, kusacita ciwerewere, kusanama ndi kusaledzera. Popanda zimenezi, munthu angakhale wofatsa kwambiri pamene akubera mnzake. Ndipo dzina la cipembedzo palokha siliteteza mtundu wa anthu ku nkhanza. Ku Myanmar, dziko limene anthu ambiri ndi Abuda, Arohingya oposa 700,000 anathawira ku Bangladesh kuyambira mu 2017 pothawa asilikali, ndipo amonke ena anali atalalikira cidani pa anthu amenewa kwa zaka zingapo.

Tinenenso momveka kuti kuleka kuponya mubvi waciwiri sikutanthauza kulola kuti azikulasa tsiku ndi tsiku. Mai amene amamenyedwa m'nyumba asauzidwe kuti angopuma mpweya. Iye afunika ankhoswe, apolisi ndi malo otetezeka. Wanchito amene sakulipidwa afunika kudandaula kwa oyenera. Amene maganizo amulemera mpaka kulakalaka imfa afunika cipatala ndi abale omukhala pafupi. Thich Nhat Hanh mwini sanakhale cete pa za nkhondo, ndipo kulankhula kwakeko kunamtayitsa dziko lake kwa zaka 39. Kufatsa kunamthandiza kulankhula popanda cidani.

Ena a inu mungafunse ngati n'koyenera kuti Mkristu atengeko kanthu kwa Abuda. Buddha sanaphunzitse za Mulungu Mlengi, ndipo kupenyerera mpweya si pemphero, sikungalowenso m'malo mwa pemphero. Komabe Msonkhano Waciwiri wa Vatican, m'cikalata cake ca mu 1965 conena za zipembedzo zina, unachula Cibuda ndi dzina, n'kuphunzitsa kuti zoona ndi zoyera zopezeka m'zipembedzo zimenezi Eklezia sazitaya. Caka cotsatira mmonke wacikatolika Thomas Merton analandira Thich Nhat Hanh ku nyumba ya amonke ya Gethsemani ku Kentucky, ndipo atacezerana anamucha mbale wake. Aliyense anakhalabe m'cikhulupiriro cake.

Poyambira

Amene angafune kuyesa sasowa kugula kanthu kapena kupita kwina. Sankhani nchito imodzi ya tsiku ndi tsiku, kaya kutsuka mbale, kusesa pabwalo kapena kuyenda kucokera pa siteshoni kufika kunyumba, ndipo muicite maganizo ali pomwepo. Akathawa, abwezeni popanda kudzikalipira. Foni ikalira, pumani katatu. Pobwera ku nchito, imani pang'ono pa khomo musanalowe, kuti ukali wa abwana usalowe nanu kukagwera ana. Ndipo uthenga wopweteka ukafika usiku, ugone, mudzauyankhe kutaca, makamaka ndi mau a pakamwa.

Masabata oyamba mudzaona ngati palibe cimene cikusintha, koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Palibe nyumba imene mubvi woyamba sudzafika, kaya ndi matenda, maliro kapena mau a mbale. Cimene tingakonzeretu ndi dzanja lathu, kuti pa tsiku limenelo likhale litazolowera kudikira, ndiponso kuti ana athu, amene anabadwa foni ili kale m'manja, aone pa ife akulu kuti kudikirako n'kotheka.